Buku Lodulidwa ndi Sizasi

Singano inali pakati pa msoko wa siketi ya yunifolomu pamene chitseko chinatseguka popanda odi. Atelala sanadzutse mutu. Wolowa chotero m'nyumba mwawo anali mmodzi yekha, mwana wawo woyamba, yemwe aliyense ankangomutchula kuti Chisamba. Koma Chisambayo ankayenera kukhala ali ku yunivesite, osati pano Loweruka m'mawa, chikhalirecho anali atabwerako kale sabata yathayi.

"Amayi, mapepala anga ali kuti?"

"Moni wake ndi ameneyo?"

"Mwadzuka bwanji. Mapepala, amayi. Anali m'jumbo yakuda. Ndinaiwala pansi pa tebulo ili."

Phazi la Atelala linaima, makina n'kukhala chete. Jumboyo ankaikumbukira bwino. Anaipeza Lolemba akusesa. M'kati munali mulu wa mapepala akale, ofiirira, opindika m'makona, olembedwalembedwa m'mbali ndi mapensulo a anthu osiyanasiyana. Ankaoneka ngati zotaya. Tsiku lomwelo n'kuti pepala lodulira mapatani litawathera, mulu wa nsalu za mayunifolomu uli phwii pampando. Pepalalo linali lolimba bwino. Anamata masambawo m'mbali ndi guluu kuti akhale aakulu, n'kutenga sizasi.

Maso awo ndi amene anawapereka, chifukwa anapita okha kukhoma. Chisamba anatsatira masowo. Pa misomali panali patapachikika mapatani: mkono wa malaya, kolala, msana, chifuwa, mbali ya siketi. Onsewo anali odzaza ndi mizere ya Chingerezi, mizere yothera panjira pomwe panadutsa sizasi.

Mtsikanayo sanakuwe. Anangotsetsereka ndi khoma mpaka kukhala pansi, chikwama chili kumsana.

"Mwandipha," anatero motsitsa mawu. "Amayi, mwandipha."

"Wafa ndani pano? Yankhula zomveka. Ine ndili ndi masiketi a ana a eni."

Chisamba anafotokoza, mawu akuduka. Pa maphunziro ake panali kosi ya mabuku a ku Amereka olembedwa masiku ano. Limodzi mwa mabukuwo linasowa kalekale ku laibulale. Wina anabwereka osabweza. Pa intaneti ankangoonetsa masamba oyambirira. Chimene chinalipo chinali fotokope imodzi yokha, imene kalasi lililonse linkasiyira kalasi lobwera pambuyo pake ngati cholowa. Popeza bukulo linali lalikulu, ophunzira analigawa m'mitolo. Aliyense ankatenga mtolo wake, akawerenga n'kupatsira mnzake. Iye anali atangolandira mtolo womaliza, umene panalibe mnzake ndi mmodzi yemwe amene anali atauwerenga.

"Lolemba ndikuyenera kuima kutsogolo kwa kalasi, ndifotokoze mathero a bukuli pogwiritsa ntchito thiyole. Mathero ake ndi amenewo, amayi. Ali pa msomali."

"Aphunzitsi ako alibe lawo?"

"Ali ku msonkhano kunja. Abwera Lolemba lomwelo. Ndipo buku lawo sabwereketsa, akuti anatayapo ambiri."

"Ndiye ukawapemphe akusinthire tsiku. Anthu samwalira ndi kupempha."

Chisamba anaweramitsa mutu pakati pa mawondo.

"Sizingatheke. Thiyole ndinalephera kale temu yatha. Anandichenjeza. Ndikalepheranso, basi, ndabwerera kunyumba."

Atelala anavula magalasi.

"Unalephera? Ine ndikumva lero?"

"Munandifunsapo? Ndikabwera mumangoti, nthano za azungu zija zikuyenda? Ndisanayankhe mwayamba kale kupalasa makina."

Zinali zoona, n'chifukwa chake zinawawa. Atelala sankamvetsa kuti munthu wanzeru ngati mwana wawo angapite ku yunivesite kukawerenga nthano. Ana a anzawo ankaphunzira zobaya jekeseni, zomanga milatho, zinthu zoti ukafotokozera munthu amagwedeza mutu. Iwo akafunsidwa ku tchalitchi ankangoti, "Akuphunzira Chingerezi," n'kusintha nkhani. Koma kubwerera kunyumba ndiye ayi. Anapalasa makina amenewa mpaka mawondo kutupa kuti mwanayu akafike kumene anafikako.

"Ku yunivesite sindibwererako," anatero Chisamba. "Anzanga andidya wamoyo. Mtolowu si wanga ndekha. Madzi akatayika saoleka, amayi."

"Awa si madzi, ndi mapepala. Amaoleka. Dzuka, vula chikwamacho, ukanditengere thumba la zidutswa kuseri kwa chitseko."

Atelala sankataya kanthu. Tizidutswa tonse tansalu ankatiunjika m'thumba kuti adzapangire mapilo, ndipo zodula za mapepala aja zinalowa momwemo. Anakhuthulira zonse pansi. Anachotsa siketi ija pa makina ulusi uli lendee, n'kutsitsa mapatani onse pa misomali.

Inali ntchito yowawitsa msana. Anayamba ndi kumatula masamba pomwe panali guluu, pang'onopang'ono, ndi lezala. Kenaka kusaka kachidutswa kalikonse m'kati mwa nsalu. Atelala ankayang'ana mmene sizasi inakhotera. Akaona kachidutswa kozungulira ankadziwa kuti kanachoka pa khosi kapena m'khwapa. Koma makosi anali ambiri ofanana, ndiye Chisamba ankayenera kuwerenga kuti aone ngati mawu a mbali iyi akugwirizana ndi a mbali inayo. Akagwirizana, ankapinira zidutswazo pa nsalu yoyera ya laini, yoika m'kati mwa zovala, Atelala n'kuzisoka ndi makina, msoko wautali kuti pepala lisang'ambike.

"Ichi si chake," ankatero Chisamba. "Apa akunena za galimoto, apa akunena za mwana wodwala chifuwa."

"Koma kakhotedwe kake ndi komweka."

"Mwana sangakhosomole matayala, amayi."

"Bweretsa china, usandiseke. Manja ali ndi guluu awa, ndingakumate nawo pakamwa."

Tiyi anazizira m'makapu osamwedwa. Makasitomala awiri anagogoda, Atelala n'kuwabweza pa windo. Chifukwa choti Chisamba ankawerenga mokweza n'kumamasulira, nkhani ya m'bukumo inayamba kuwalowa m'makutu iwo osafuna. Inali ya mayi wina wochapa ndi kusita nsalu zogonera mu hotela yaikulu, mumzinda wozizira kwambiri. Mwamuna wake anavulala kuntchito n'kumangokhala pampando. Ana anali atatu. Apongozi ake ankakhala nawo m'nyumba momwemo. Chakumapeto, tsiku lina chipale chikugwa, mayiyo anaweruka kuntchito, analowa m'galimoto, koma pofika pa mphambano yakwawo sanakhote. Anangopitirira.

"Akupita kuti?" anafunsa Atelala, mapini ali pakamwa.

"Simunati ndi nthano chabe?"

"Ndafunsa kuti akupita kuti. Ndipo thiyole wakoyo ndi chiyani kwenikweni, woti mpaka munthu n'kulephera?"

Chisamba anaganiza kaye.

"Ndi njira zofunsira buku mafunso. Wina amalifunsa kuti, akazi a m'kati mwakomo akuyankhula kapena akungophika? Wina amalifunsa kuti, wokhetsa thukuta ndani, wodyerera ndani? Wina amalifunsa zimene lakana kunena. Ine ndinangoloweza mayina a anthu amene anayambitsa njirazo, ndi zaka zawo. Pa mayeso anatipatsa ndime n'kunena kuti, ifunseni. Mutu unangoima."

Atelala anasoka tsamba lina.

Dzuwa litapendeka, masamba anali atandandalikidwa pa bedi motsatira manambala ake. Ena anali ndi mabowo pomwe zidutswa zinasoweratu, koma ankawerengeka. Mayi wa m'buku uja anali atafika pa malo omwetsera mafuta, kutali ndi kwawo, atazimitsa injini, atakhala phee m'galimoto. Chisamba anatembenuza tsamba. Pansi pake panali bulangete.

"Akusowa atatu omaliza."

Anapetanso thumba lonse, anasuzumira pansi pa kabati, anakutumula nsalu iliyonse. Panalibe. Pamenepo ndi pamene Atelala anakumbukira.

Lachitatu anakulungira diresi ya Mayi wa Saluni m'masamba otsala. Mayi wa Saluniyo, yemwe ankaluka ndi kudaya tsitsi kuseri kwa msika, anabwerera tsiku lomwelo diresi itamuthina, akukuwa pakhonde kuti Atelala anaba nsalu. Atelala, mutu ukuwawa, anamuyankha anthu akumva kuti nsalu sinabedwe, koma mwini wake ndi amene wanenepa chiyezereni. Mayi wa Saluni anachoka ndi diresi yake atalumbira kuti sadzapondanso pakhomopo, ndipo Atelala analumbira kuti tsitsi lawo kuli bwino limere ngati chitsamba.

Anamanga mpango kumutu, n'kuvala nsapato.

"Mukupita kuti, amayi?"

"Kukameza malovu anga. Iwe tsala, uzipinira."

Mu saluni munali modzaza, poti linali Loweruka. Munkanunkha mankhwala a tsitsi ndi utsi wa chowumitsira. Atelala atangoima pakhomo, nkhani zonse zinatha.

"Taonani alendo," anatero Mayi wa Saluni, manja ali m'mutu mwa kasitomala. "Mwabwera ndi tepi kudzandiyezanso? Samalani, pakhomopo ndi popapatiza, mwina nanunso mwanenepa."

Amayi a pa benchi anaseka. Atelala anameza.

"Ndabwera kudzapempha mapepala aja ndinakulungira diresi."

"Mapepala! Nsalu munatenga, pano mukufunanso mapepala? Mawa mudzafuna mabatani."

"Nsalu sindinabe, mukudziwa. Koma pakamwa ndinalakwa. Sindinayenera kunena zija pagulu. Ndikhululukireni."

"Sindinamve. Chowumitsirachi chikusokosa."

Atelala anayang'ana pansi. Panali tsitsi lometedwa, madzi ndi thovu. Anakokera siketi yawo m'mwamba pang'ono n'kugwada pomwepo. Mawondo analira onse awiri.

"Ndati ndinalakwa. Diresiyo bweretsani ndiikulitse. Mapepalawo ndi a sukulu ya mwana wanga. Ndinawadula osadziwa. Akapanda kupita nawo Lolemba, amuchotsa."

Kuseka kunazima. Mayi wa Saluni anachotsa manja m'mutu muja.

"A Chisamba? Aaa, inunso! Bwanji osayamba ndi zimenezo? Dzukani, mukundichititsa manyazi pamaso pa makasitomala. Mwana uja ndinamuluka ine tsiku lopita ku yunivesite."

Anayamba kusuntha mabotolo pa shelefu. Tsamba limodzi linapezeka litayalidwa pansi pa zipeso, lili ndi madontho a mafuta koma labwinobwino. Lachiwiri analipeza m'kabati, atakulungira malezala. Lachitatu anakalitola m'bini. Anali atapukutira mbale yosakanizira dayi. Linali bii, kupatula mawu owerengeka m'mwamba ndi nambala ya tsamba pansi.

"Ndi lofunika kwambiri limeneli?" anafunsa Mayi wa Saluni motsitsa mawu.

"Ndi lomaliza."

Atelala atafika nalo kunyumba, Chisamba analiunika pa windo, analitembenuza, analipukuta ndi kansalu konyowa mpaka linayamba kunyenyeka. Dayi wa tsitsi sachoka. Masamba awiri aja ankangonena kuti mayi uja anadzaza thanki ya galimoto, anagula khofi, anakhalabe m'galimoto, foni yake ikulira iye osayankha. Pa tsamba lakudalo pankawerengeka chabe kuti anagwira kiyi.

"Basi," anatero Chisamba, misozi ikugwera pa bulangete. "Tavutika pachabe. Ndikanena kuti anandibera chikwama m'basi. Mwina andimvera chisoni."

"Bodza limenelo usalitulutsire m'nyumba mwanga. Ukanene kuti unasiya zinthu za anzako pansi pa tebulo ngati zinyalala, ndipo mayi ako anazidula ndi sizasi osafunsa. Zonse ziwirizo. Ukawaonetse misokoyi."

"Ndiye ndikafotokoza chiyani za mathero? Ndingodziwa kuti anathawa."

"Ndani wathawa?"

"Mayiyu. Watopa ndi ukapolo wa m'nyumba, wasankha ufulu. N'zoonekeratu."

"Zoonekeratu kwa iwe. Wothawa amatenga zovala. Amatenga mapepala a kuchipatala, amatenga chithunzi cha ana. Uyu watenga chiyani? Wachoka ndi yunifolomu ya kuntchito. Sanathawe ameneyu. Akungofuna pamalo pomwe palibe womuitana. Kunyumba, amayi ichi, amayi icho. Kuntchito, iwe bwera, iwe pita. Wapeza pomwe palibe akumudziwa, wazimitsa injini, wakhala. Khofi akatha abwerera, chifukwa mwana uja akukhosomolabe."

"Mukudziwa bwanji?"

Atelala anatola mapini pa bedi, mmodzimmodzi, n'kumawabaya pa kapilo kake.

"Ukuganiza kuti ndikapita kukagula ulusi ndimachedweranji? Sitolo yake ili apa pomwepa. Pali benchi ina kuseri kwa positi ofesi, pansi pa mtengo. Palibe amadutsapo."

Chisamba anawayang'ana mayi ake ngati akuwaona koyamba: mpango wopendekeka, maso ofiira, mawondo a siketi atanyowa ndi madzi a mu saluni.

"Usandiyang'ane choncho, sindine filimu."

"Sindinkadziwa, amayi."

"Unandifunsapo?"

Kenaka mtsikanayo anapukuta m'maso ndi mkono, n'kukokera masamba aja pafupi.

"Koma sindingakaime kutsogolo n'kunena kuti amayi anga akuti. Aphunzitsi aja amafuna umboni wa m'buku momwemo. Ndipo mwina mukulakwitsa. Bwanji sakuyankha foni? Bwanji wadzaza thanki yonse?"

"Ndiye saka. Ngati ndikulakwitsa, ukanene kuti ndikulakwitsa. Ine ndikusoka."

Mawa lake, ataweruka ku mapemphero, Chisamba anali akadali pa masambawo, pensulo ili m'kamwa, akulemba mbali iyi zosonyeza kuti mayiyo wathawa, mbali inayo zosonyeza kuti abwerera. Atelala anasonkhanitsa mtolo wonse, anaudula chikuto cha nsalu yotsala ya yunifolomu, n'kuusoka kumsana ndi ulusi wolimba wosokera mabuluku a jinzi. Tsamba lakuda lija analisokera kumapeto, pamalo pake. Anamuperekeza Chisamba mpaka pa siteji. Basi itafika, mwanayo anaima pa chitseko.

"Akandichotsabe?"

"Akakuchotse uli pomwepo, osati uli pansi pa khoma langa. Kwera, ukuchedwetsa anthu."

Lolemba Atelala anasoka kolala mozondoka, n'kuimasula. Anathyola singano. Foni anaiika pa makina penipeni, ndipo nthawi iliyonse ikawala ankaitola msangamsanga. Inalira chakumasana.

"Amayi."

"Yankhula."

"Sanandichotse."

Atelala anatsamira ku mpando.

"Ndakhoza, koma mokwawa. Ndinayamba ndi kunena zoona. Kalasi lonse linaseka litaona chikuto, koma aphunzitsi sanaseke. Akuti kusasamala kwanga kukanapha gulu lonse, ndiye andichotsera malikisi. Andibwereka buku lawo kuti ndikapange fotokope yatsopano, ndiyenera kulibweza lisanalowe dzuwa. Anzanga awiri sakundiyankhula."

"Akuyenera. Uwapepese mpaka atope. Nanga zija?"

"Ndinafotokoza mbali zonse ziwiri. Mnyamata wina anatsutsa zanu zija, akuti mayi wotopa amathanso kuthawa osatenga kanthu. Tinakangana mpaka nthawi kutha. Aphunzitsi akuti aka n'koyamba kundimva ndikufunsa buku m'malo molilowezera."

"Chabwino. Tsopano tandiuza. Tsamba lomaliza lija, analiwerenga?"

"Anatiwerengera."

"Ndiye? Anabwerera?"

Chisamba anaseka, kuseka kwa munthu amene walira kwambiri.

"Silinena, amayi. Analiza injini, anafika pa msewu waukulu, anayatsa nyali yokhotera. Buku lathera pomwepo. Silinena kuti anakhotera mbali iti."

"Ati chiyani? Ine kugwada m'madzi a tsitsi la anthu chifukwa cha nyali yokhotera? Wolemba wakeyo anatopa, kapena pepala linamuthera?"

"Ndi mmene analembera, amayi. Dala."

"Ulesi umenewo. Ine nditapereka diresi yopanda mkono umodzi n'kunena kuti ndachita dala, angandisiye wamoyo?" Anapumira m'mwamba. "Ukamabwera ubwere nayo fotokope yatsopanoyo, kuyambira koyamba. Ndikufuna ndimve za mwamuna wapampando uja. Sindikumukhulupirira."

"Ndibwera nayo. Amayi, mwadya?"

Funsolo linawadzidzimutsa. Anayang'ana kapu ya tiyi wozizira pa windo.

"Ndidya. Pita ukabweze buku la eni."

Anaika foni pansi. Pampando mulu wa mayunifolomu unali usanachepe, ndipo pamwamba pake panali diresi ya Mayi wa Saluni ikudikira kukulitsidwa. Mapatani onse ankayenera kudulidwanso mwatsopano. Atelala anatenga siketi ya Loweruka ija, anailowetsa pansi pa singano pomwe msoko unathera, anavala magalasi.

"Anakhotera kwawo," anatero okha, akunyowetsa ulusi ndi malovu. "Mwana akukhosomola choncho angapite kuti?"

Phazi linatsika, gudumu linazungulira. Atasoka pang'ono anaimanso, nsalu ili m'manja, maso ali pa khoma lopanda kanthu.

"Koma thanki yonse ija anadzaziranji?"

Anapukusa mutu, n'kuyambanso kupalasa.